Chithunzi cha Taonga chopita ku Petauke

Lolemba

Apongozi abwerera ku Petauke pa Sondo. Amuna awo miyendo yakana, basi sangakwere, ndipo mwana wathu Taonga sanamuone. Mdalayo atumiza mawu: akufuna chithunzi cha pepala, chogwira m'manja.

Amake Taonga akuti, "Kasindikizeni chabe cha mu foni." Ndakana. Foni imeneyi imayeretsa nkhope, mphuno imachepetsa. Mdala angafunse kuti mwana ndi wa ndani. Ine ndikufuna chija chakale, chotuluka pomwepo mu kamera tonse tikuona. Tili ana ku Nangongwe wojambula ankayenda nyumba ndi nyumba. Ukaima, pepala latuluka, nkhope nkumabwera pang'onopang'ono ngati munthu wochokera kutali. Chipsera chako chilipo, phulusa la m'mawondo lilipo. Palibe wokonza.

Lachiwiri

Wojambula uja ndi ba Mwanza, akali moyo. Masiku ano amasoka nsapato. Kamera aitulutsa mu chitini cha mabisiketi, aipukuta ndi malaya. Andibwereka, ndi malamulo:
osaigwetsa,
osaipatsa ana,
dzuwa likhale kumbuyo kwanga.
Mafilimu alibe. Akuti ndi ku Lusaka kokha. Ndatuma kondakitala wa minibasi.

Lachitatu

Mafilimu afika! Kabokosi kakang'ono, kopepuka. Kunja alemba kuti mapepala khumi. Ine chinthu sindilandira osaona. Simenti ndimakweza thumba, kapenta ndimanunkhiza. Ndakhala pakhonde powala bwino, ndatsegula ndi mpeni, ndatulutsa limodzilimodzi. Khumi ndithu. Lililonse ndaliyang'anitsa padzuwa ngati lili ndi ming'alu. Lilibe. Ndabweza mwaulemu. Mtima pansi.

Lachinayi

Taonga wasamba, wadzola, wavala chipewa. Ndadina. Pepala latuluka, phokoso lake lomwe lija. Tadikira. Loyera. Ndakupiza. Loyera. Ndaika m'khwapa monga ankachitira ba Mwanza. Loyera, koma lofunda.

Pepala lachiwiri loyera. Lachitatu loyera. Ndasintha malo, ndasintha chipewa. Pofika lakhumi mwana akulira, anthu a payadi adzaza pampanda. Amake Daliso a pafupi akuti mwina mwanayu ndi mngelo. Amake Taonga sanaseke.

Lachisanu

Ndafotokozera ba Mwanza zonse, ndi za mpeni zomwe. Aika nsapato pansi. Kenako: "Mwana wanga, wajambula dzuwa kakhumi." Filimu siiona kuwala isanalowe mu kamera. Ndafunsa chifukwa chake sanandiuze. Akuti zaka zonsezi sanakumanepo ndi munthu wofunika kumuuza.

Alowa m'nyumba, abwera ndi kabokosi kakale. Mwatsala pepala limodzi. Ankasungira ukwati wa mdzukulu wawo. Alowetsa okha mu kamera, ine manja kumbuyo.

Limodzi!

Loweruka

Zonse zakonzeka: mpando, chitenje pakhoma, dzuwa kumbuyo. Pomwepo uthenga wabwera kudzera mwa amake Taonga: apongozi akufuna ajambulidwe atanyamula mwana, mdala aone onse awiri.

Chikwatirire sindinawayang'anepo kumaso apongozi. Tikakumana pakhomo ndimapatuka, ndikamawapatsa moni ndimagwada, maso pansi. Lero akhala pampando kutsogolo kwanga, akuyang'ana ine. Ndakweza kamera. Diso langa lakumana ndi lawo mu kagalasi. Mawondo apinda okha, mutu watsika, chala chadina.

Chithunzi chatuluka bwino kwambiri. Mitundu yonse. Mapazi a apongozi mu patapata, mpendero wa chitenje, ndi timasokosi tiwiri tachikasu tikulendewera pamwamba.

Ndathamanga ndi foni kosindikiza. Magetsi apita kuyambira m'mawa. Mtsikana wa pamenepo akuti, "Bwelani pa Mande, ba boss."

Sondo

Tawaperekeza pamsewu waukulu. Chikwama ndanyamula ine, ndikuyenda kumbuyo. Chithunzi apongozi achikulunga mu mpango, achiika m'Baibulo. Kwa ine sananene kanthu, monga mwa mwambo. Kwa mwana wawo anena kuti mdala mapaziwo awadziwa, ndipo nkhope ya Taonga akamufotokozera pakamwa.

Kamera ndabweza. Ba Mwanza sanafunse.

Kumbuyo kwa chithunzi ndalemba ndi bolopeni, kuti mdala asavutike: Taonga ndi amene wavala masokosi.