Mbuzi Imene Ndinalumbira Kuti Idzuka

Lolemba

Lonjezo Kamwendo. Ndikulemba dzina lonse kuti ngakhale nditadzakalamba, mano atatha, ndisadzaiwale amene anandiputa.

Lero kuchigayo, pamaso pa Mayi Chisale, apampando a komiti ya sukulu, akuti: "Akazi angawa Chingerezi chawo n'cha m'maso. Cha m'makutu alibe. Mzungu atawafunsa njira angamuuze kuti alembe kaye." Anthu kuseka. Mayi Chisale nawonso, atatseka pakamwa ndi chitenje ngati chitenje chimabisa mapewa.

Sindine mkazi wake. Ndi msuweni chabe, mwana wa azakhali, ndipo akuti msuweni amaloledwa kunena chilichonse. Munthu woti anathawa Sitandade 7! Lero chifukwa ali ndi chishedi choonetseramo vidiyo kuseri kwa msika wa Mitundu, kumene amaima pambali pa sikirini n'kumanamiza ana zimene anthu a karate akunena, ayesa ndi katswiri.

Vuto ndi ili: chiyambireni sukulu yaulere ana achuluka mpaka pansi pa mitengo, ndiye komiti ikufuna mphunzitsi wothandizira mmodzi. Tilipo awiri, ine ndi Esinala. Ine Folomu 4, Esinala Folomu 2. Nkhani inali yotha kale mpaka Lonjezo atatsegula pakamwa.

Koma ndapeza nzeru. Ku Nathenje kuli anamwino, Mayi Jere, amene ali ndi deki ya vidiyo m'nyumba mwawo. Ndamva kuti ali ndi kaseti ya filimu yochokera m'buku lija ndinaliwerenga kusekondale mpaka chikuto chinathothoka. La mtsikana amene mlongo wake anaberedwa chithunzithunzi ndi mfumu ya akhwangwala, iye n'kukwera makwerero ofika kumwezi pamodzi ndi mbuzi yolankhula. Loweruka ndiwaonetsa ana, ndimasulira ndekha, Mayi Chisale ali pampando wakutsogolo.

Zofunika:
kaseti
deki ndi sikirini (za Lonjezo, mwatsoka)
batire
bulauzi yoyera ija
nkhope ya Lonjezo ikadzagwa

Lachiwiri

Nathenje. Matola odzaza, ndakhalira thumba la feteleza, nkhuku ya munthu pamiyendo. Ndafika wofiira ndi fumbi ngati njerwa.

Mayi Jere ndi munthu wabwino. Kaseti anabwera nayo amuna awo kuchokera ku Joni, akuti ndi yojambulitsa kwa mnzawo, n'chifukwa dzina n'lolemba ndi bolopeni. Malamulo awo: isaone dzuwa, isagwe, ibwere Lolemba itabwezedwa koyambirira.

Akuti ndikhale tionere kaye limodzi, tiyi ali pamoto. Ine, mwana wa bambo anga, ndikuyankha kuti musavutike mayi, nkhaniyi ndikuidziwa ngati njira ya kumunda kwathu. Akundiyang'ana pang'ono, akuti chabwino.

M'matola obwerera kaseti ndikuikumbatira pachifuwa mkati mwa chitenje ngati khanda. Mayi wina akufunsa ngati ndi Baibulo. Ndikuti pafupifupi.

Usikuuno ndikubwereza nkhani yonse m'mutu. Palibe chasowa. Makamaka mathero: mbuzi imatchinga akhwangwala pamakwerero kuti mtsikana adutse, imagwa, imafa. Kenako m'mutu womaliza mtsikana amaipeza yamoyo, yoyera mbuu, ikudya udzu pansi pa mtengo. Ndinalira kuhositelo mpaka anzanga anayesa kumudzi kwagwa maliro.

Lachitatu

Lonjezo sindikulankhula naye, ndiye deki ndikupemphera kwa azakhali. Ine pamkeka, iye pachitsa pafupi pomwepo akusenda nzimbe.

Ndikuti azakhali, muwauze ana anu kuti ndikufuna shedi yawo Loweruka masana. Azakhali akuti: "Iwe, msuweni sakwiyiridwa. Ukamukwiyira ndiye kuti wamufuna." Ndangotsala pang'ono kudzuka.

Iye wavomera msanga kwambiri. Chimenechi chikanandichenjeza. Akuti koma kaseti igone kwa iye, ayese kaye, poti deki yake imatafuna makaseti achilendo. Ndaipereka. Kwa azakhali, osati kwa iye. Azakhali atambasula dzanja n'kumupatsa ine ndikuona.

Madzulo pamjigo ndikulengeza kwa ana. Kulowa ulere, karate mulibe, koma muli mbuzi yolankhula. Funso loyamba: imalankhula Chichewa? Lachiwiri: imamenya?

Mayi Chisale ndawaitana ndagwada. Akuti abwera ndi Tiyamike, chitsirizira chawo, koma akufunsa ngati mulibe zoopsa, poti mwanayo ndi wamtima wofewa, nkhuku ikamaphedwa amakabisala kwa aneba. Ndikuti mayi musadandaule, muli kachisoni pang'ono koma zonse zimatha bwino. Ndikuwatsimikizira ine.

Lachinayi

Mtsikana wolongosoka salowa m'shedi ya vidiyo, ndiye ndapita m'mawa, kudzera kuseri kwa ogulitsa makala, dengu kumutu ngati ndikupita kumsika.

Mkati: mabenchi a mapulanga osapala, fungo la ndudu ndi mapazi, chiguduli pakhomo. Lonjezo akulumikiza mawaya kubatire akuimba mluzu. Filimu yayamba.

Ambuye wanga.

Sindikumva kanthu.

Azunguwa akulankhulira m'mphuno, mothamanga, mawu onse omata ngati phala la dzulo. Aphunzitsi athu a Chingerezi ankatchula liwu lililonse palokha, lochapa bwino. Awa ndangotolapo "inde", "ayi" ndi dzina la mbuzi. Ndiponso mlongo uja m'filimu ndi wamkulu, ali ndi ndevu zoyamba. Mfumu ya akhwangwala ndi mzimayi. Ndiye akuimba! M'buku munalibe nyimbo ngakhale imodzi!

Zisanapite patali chithunzi chayamba kufupika, chasanduka kamzere, chazima. Batire latha, likufunika kukatchajitsa. Sindinayamikepo batire chonchi.

Lonjezo akuti: "Mwamva zonse, akazi anga? Ndikufotokozereni mmene imathera?"

Ndikuyankha khoma kuti amene anawerenga buku safunsa kwa amene anaonera zithunzi.

Kunyumba ndikudzilimbitsa mtima. Makutu akalephera, mutu ulipo. Ndizingonena za m'buku. Adziwa ndani?

Lachisanu

Ndachapa bulauzi. Ndasita ndi simbi ya makala, kakhala kagwera pakolala. Kabowo kakang'ono. Ndiika mpango.

Ndikuyeserera kumasulira kuseri kwa nkhokwe. Amayi akufunsa ngati ndayamba kulalikira.

Zodabwitsa pamjigo. Ana akuimba kanyimbo kachilendo, Chingerezi chophwanyikaphwanyika, koma kayimbidwe kake ndikukadziwa. Ndinakamva dzulo m'shedi. Mnyamata wina wakwera pachulu akukupiza manja, anzake akumugenda ndi zisononkho akukuwa kuti: "Gwira, Che Bwanali, gwira!"

Ndikufunsa kuti Che Bwanali ndani. Akuti mbuzi.

Lonjezo! Batire lotha lija linachira msanga bwanji! Wakhala akuonetsa kaseti yanga madzulo aliwonse chiyambire Lachitatu, akumasulira yekha, mayina akupeka yekha. Mbuzi ndi Che Bwanali. Mzimayi wa akhwangwala ndi Mayi Matipate, poti akuti ali ndi anthu ambiri ongolira osagwira ntchito.

Ndathamangira kwa azakhali. Akuti: "Nanga kuyesa deki si kumeneko?" Akuseka mpaka kupukuta misozi. Dziko lino mlandu wa msuweni ulibe bwalo.

Ndiponso ndamva kuti Esinala abwera. Akuti kudzaphunzirako.

Sindigonja. Ana amva zabodza, mawa amva zoona.

Loweruka

Ndilemba mwachangu ngati kumwa kwinini.

Shedi yadzaza, ena pansi, ena akusuzumira m'mipata ya bango. Mayi Chisale kutsogolo pampando wobwereka, Tiyamike pamiyendo. Esinala pambali pawo, manja pamaondo ngati mkwatibwi. Ine chilili pambali pa sikirini, mpango pakolala, thukuta kumsana.

Poyamba zikuyendako. Mzungu akatsegula pakamwa, ine ndikunena za m'buku. Mayi Chisale akugwedeza mutu. Kenako:

Ndikuti tsopano mtsikana atsanzikana ndi amayi ake. Akuyamba kuimba ndi tambala.

Ndikuti apa mbuzi ikumulangiza za kuleza mtima. Ana akuti ayi, akupempha fodya. Pasikirini mbuzi ikutafuna kaliwo wa nkhalamba.

Ndikuti usiku uno agona m'phanga. Akwera bwato. Bwato lachokera kuti? M'buku mulibe ngakhale chithaphwi!

Mbuzi ndikuitchula dzina lake lenileni, shedi yonse ikundikonza: "Che Bwanali!" Pomaliza nanenso ndikuti Che Bwanali. Lonjezo ali pakona pafupi ndi batire, mapewa okha akugwedezeka.

Ndiye makwerero. Akhwangwala mbwee. Mbuzi ikutchinga, ikuterereka, ikugwa, ikugwabe, phi. Ana aang'ono ayamba kulira, Tiyamike kuposa onse, kulira kokoka mpweya kuja. Mayi Chisale akundiyang'ana.

Apa ndiye ndaona mpata wanga. Ndaima pakati, ndakweza dzanja. Ndikuti: "Ana inu, pukutani misozi. Mbuzi iyi idzuka. Ndikulumbira pamaso pa amayi apampando."

Ana akuluakulu aja anaonera kale akuti bodza, imafa basi. Ndikuti inu simunaone mathero, eni shedi amazimitsa msanga kuumira batire. Lero tionera mpaka kumapeto.

Mtsikana wabweza chithunzithunzi cha mlongo wake. Akumbatirana. Nyimbo. Mayina ayamba kukwera. Mbuzi osaoneka.

Lonjezo wayandikira, akunong'ona: "Akazi anga, tizimitse apa." Ndikuti ukakhudza deki imeneyo ndikuthyola chala. Akuti: "Ndanena." Wabwerera pakona.

Tikuonera mayina. Azungu ambiri bwanji! Ana akudikira. Mayina atha. Sikirini yabiriwira. Kenako mchenga, waa.

Ndiye chithunzi.

Mtengo wa mango. Pansi pake mbuzi yoyera mbuu, ikudya udzu.

Shedi inatsala pang'ono kugwa. "Yadzuka! Che Bwanali adzuka!" Ana kulumpha pamabenchi, Tiyamike kuomba m'manja misozi idakali m'masaya. Mayi Chisale akumwetulira, akundigwedezera mutu. Ine ndatembenukira kwa Lonjezo, ndamuyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, mosafulumira. Ndikuti kwa ana: mwaona? Amene amawerenga sanama.

Sindinadzifunse chifukwa chake mbuzi ili ndi chingwe m'khosi. Kapena chifukwa chake kumwezi kukumveka wailesi ndi azimayi akululutira. Kapena chifukwa chake Mayi Jere a ku Nathenje akudutsa kumbuyo atasenza ndowa.

Ndi ukwati wa mng'ono wawo. Anaujambulira kumapeto kwa kaseti, posafuna kutaya malo otsala.

Akulowa azibambo awiri. Wina wavula malaya. Wina akunola mpeni pamwala, akuseka, akuuza wojambula m'Chichewa chomveka bwino kuti ayandikire aone bwino. Apa sipafunika womasulira.

Lonjezo walumpha benchi kukazula waya. Wachedwa.

Sindilemba phokoso lake. Ana anatulukira m'bango, khomo lilipo. Tiyamike ananyamulidwa ali gwaa ngati thabwa. Pakhomo Mayi Chisale anangoti: "Zikomo, mwana wanga. Taona." Esinala anawanyamulira mpando.

Lamulungu

Kutchalitchi ndakhala benchi lomaliza, kuseri kwa mzati. Pakati pa pemphero lalitali, kumbali ya ana, wina akuti "mee" motsitsa. Sanadzudzulidwe ndi aliyense.

Mayi Chisale andipeza panja. Akuti Tiyamike sanagone, wakana ndiwo, ndipo m'mawa wakamasula mbuzi zonse za m'khola, ziwiri zikanali m'dimba la aneba. Akuti komiti yaona kuti ana aang'ono amafuna munthu wofatsa. Esinala ayamba mawa. Ndawathokoza ndagwada. Bondo silinafune, koma lagwada.

Pobwerera ana akundilonjera mwaulemu, manja onse awiri: "Mwaswera bwanji, Aphunzitsi Idzuka?" Choncho uphunzitsi ndaupeza ndithu. Dzina lokha.

Amayi akuti ndikanangovomera tiyi wa ku Nathenje uja. Azakhali akuti mwana wawo anandichenjeza. Anachenjeza, inde, koma akumwetulira. Chenjezo lomwetulira ndani angalimve? Ankadziwa kuyambira Lachitatu chimene chili kumapeto kuja. Akanatha kuuza azakhali kuti andiuze.

Madzulo wabweretsa kaseti, yobweza kale koyambirira, yokulunga m'pepala. Waiika pakhonde, waima patali ndithu. Akuti anyamata akuluakulu akufunsa ngati Loweruka likudzali kulinso chionetsero, makamaka gawo la mbuzi, ndipo akufuna ndimasulire ine, poti iye sangathe kulumbira mokoma choncho. Ndinamuponyera chipande. Chinaphonya.

Mawa matola a ku Nathenje. Mayi Jere akandifunsa ngati ana anasangalala, ndikawauza kuti ukwati unali wabwino.

M'buku imadzuka. Ndikudziwa chimene ndinawerenga. Ndanena komaliza, ndipo nkhani iyi siidzatulukanso pakamwa panga, kaya kwa azakhali, kaya kwa amayi, kaya m'kope lino. Amene akufuna kuimva akafunse mbuzi.