Galimoto Yokana Kulira ku Chipoka

Anzanga, musandione chonchi, ine ndinatsala pang'ono kugona m'chitokosi pa mlandu woba galimoto. Ine amene, mayi wa kwaya!

Linali Loweruka, kunyumba tikukonzekera chinkhoswe cha mng'ono wanga, ndiye ndinati ndithamangire ku Chipoka kukagula chambo. Laisensi ndinali nditangotenga kumene, choncho ndinachonderera achimwene kuti andibwereke galimoto yawo yasiliva, yoliza ndi batani ija. Popereka kiyi anayamba kufotokoza za kachipangizo kotseka injini akuba akaigwira, koma makutu anga anali kuti? Ndinkangoganiza za mmene ndikatsikire padoko nditavala magalasi akuda.

Ndinafikadi, n'kuimika pamene panali magalimoto ena, n'kugula chambo chodzadza beseni. Pobwerera ndinapeza chitseko chosakhoma, ndinangoti ndaiwala ndine, beseni pampando wakumbuyo, ine khale pachiwongolero, n'kudina batani. Zii! Kudinanso, zii, kanyali kofiira kokha kakungophethira ngati kakundijeda.

Apo ndinakumbuka kachipangizo kaja. Ndinati payenera kukhala kaswitchi kobisika, ndiye ndinayamba kupapasa paliponse, mutu pansi pa chiwongolero, miyendo kunja, magalasi akuda ali m'maso. Ndinagwira kanthambo kena n'kukoka. Mayo ine, alamu! Inalira mpaka asodzi anasiya maukonde, amayi a usipa n'kundizungulira.

Bambo wina wokonza mainjini a maboti anatulukira ndi sipanala. "Mayi, musadandaule, tichotse batire, iiwala yokha."

Tinachotsa, alamu inatontholadi, ine n'kuwomba m'manja. Tinabwezera, alamu inayambiranso pomwe inalekezera. Tinachotsanso. Uku dzuwa likuswa mtengo, madzi a nsomba akuchucha pampando, ntchentche zaitana abale awo a ku Lifuwu.

Ndinaimbira achimwene. "Galimoto yanu yandikana."

"Iwe, dina limoti. Ikalira kawiri ndiye kuti yatseguka."

Ndinadina. Kwi-kwi! chakumbuyo uko.

"Yalira?"

"Yanuyi ayi, koma pali ina kumbuyoku ikungosokosa."

Ndinadinanso. Kwi-kwi! Ndinapsa mtima, n'kutembenukira kugulu. "Mwini wa galimoto iyo ndani? Anzake tikuvutika kuno, iye akuseweretsa limoti!"

Pafoni achimwene anati, "Mlongo wanga, tawerenga nambala ya galimoto waimapoyo."

Sindinawerenge n'komwe, chifukwa gulu linapatuka, n'kutulukira a Shehe ena atavala mkanjo woyera, kiyi ali m'manja. Anayang'ana boneti yotsegula, batire ili pamchenga, nthambo ili lende, chambo chili pampando.

"Subhanallah! Mayi, galimoto yanga yakulakwirani chiyani?"

Inu! Galimoto ya achimwene inali pomwepo kumbuyo, yasiliva ngati inzake, yosavuta kalikonse! Anthu omwe ankandimvera chisoni aja anasintha nyimbo: "Ife timadabwa kale!" Wa sipanala uja sindinaone kumene analowera. Wina kumbuyo anayamba kale kunena za apolisi.

Ndinagwada pamchenga wotenthawo, mawu akutuluka mopingasa. "Pepani bambo, chinkhoswe, achimwene, limoti..."

A Shehe anatenga limoti yanga n'kudina. Kwi-kwi! Anadinanso. Kenako anaseka mpaka kugwira boneti, misozi ikutsika.

"Musiyeni mayiyu," anauza gulu. "Wakuba wobwera ndi ndiwo zake sindinamuonepo."

Ndinakolopa mpando wawo ndi chitenje changa chatsopano, n'kuwasankhira chambo chonona, iwo akumangirira okha batire. Ponyamuka anandiperekeza mpaka pagalimoto ya achimwene, ati kuopa ndingalowenso ya wina.

Kuyambira tsiku limenelo, galimoto iliyonse ndisanaigwire ndimayamba ndawerenga nambala mokweza, n'kufunsa amene ali pafupi ngati palibe wotsutsa.