Mpira Umene Unaboola Chiperoni

Amene akuti mtsikana wa fulaye sangaponye mpira wa ku Japan akafunse Gifiti, mwana wa akapitawo, chifukwa chake amabisa mutu akaona lalanje. Ine ndine Mwandida, ndipo ndikulumbira pali agogo anga amene anandilera ndi zilape, sindikuwonjezera kanthu.

Pa esiteti pathu malo opanda tiyi ndi amodzi okha, kabwalo ka kuseri kwa sukulu. Anyamata ankakafuna, ifenso tinkakafuna. Ndiye kunabwera aphunzitsi a masamu ochokera ku Japan, atanyamula chibonga chomenyera mpira ndi kampira koyera kosokedwa ndi ulusi wofiira. Anatiuza kuti kwawo kuli kaponyedwe kena, mpira umapita ukuzungulira ngati chipolopolo, koma iwo sanakaonepo, mwinanso kulibe. Chinthu chili ndi kwawo, koma kulibe? Chilape chotere ngakhale agogo sanandiponyerepo.

"Iwe Mwandida," anatero Gifiti atagwira chibonga, "ndikaphonya katatu bwalo ndi lanu. Ndikaumenya, fulaye wanuyo muzikachitira m'mizere ya tiyi."

Tsikulo kunali chiperoni choti sungaone phazi lako. Ndinapotoza dzanja monga amachitira amayi pothyola tiyi, n'kuponya. Mukumva? Mpira unaboola nkhungu, dzuwa n'kusuzumira pabowopo, unamudutsa Gifiti pamphuno iye n'kumenya mphepo, unalowa m'munda ukuthyola masamba awiri ndi kansonga, masamba awiri ndi kansonga, mpaka dengu la amayi linadzaza iwo akumangabe mpango, unatsetsereka mpaka ku Luchenza kumene unazunguza mateyala a kabaza woima, mwini wake n'kufika ku Khonjeni asanapalase, kenako unakumbukira kuti uli pa ntchito, unabwerera chakumbuyo, Gifiti n'kumenyanso mphepo! Mukumva kodi? Kachitatu unangoima pamaso pake ukulira ngati njuchi, iye anazungulira nawo limodzi n'kukhala pansi, mpira n'kukalowa wokha m'thumba la aphunzitsi, uli wotentha, ukununkhira tiyi.

Mkangano unabuka. Anyamata akuti ndaponya kamodzi. Atsikana akuti waphonya katatu. Aphunzitsi anatsegula kabuku kawo ka malamulo, anakatembenuza, anavula magalasi, n'kundifunsa m'Chichewa chawo chodumphadumpha: "Inu, mwachita bwanji?"

Apa ndi pamene pamandisokoneza mpaka lero. Kunena zoona, mpirawo unandipulumuka chifukwa unali wonyowa, ndipo ine ndinatsinzina ndi mantha. Potsegula maso, Gifiti anali pansi atagwira chipumi, chibonga chili uko. Zonse zapakatizi anandiuza ndi Esinati, mnzanga amenenso amati anaonapo ng'ona m'thanki ya fakitale.

Kaya kaponyedweko kalipo, kaya kulibe, ine sindikudziwa. Koma bwerani Lachisanu mudzaone amene akuchita fulaye pabwalopo.