Ng'oma ya Atsikana a ku Japan

Lolemba
M'nyumba muno ndasanduka mpando. Mwana wanga Esinati ananditengera kuno ku Doha ati ndizikhala ndi mdzukulu iye akakhala kuchipatala. Mdzukuluyo, Tadala, makutu anatseka ndi timawaya tomvera nyimbo. Ukamuitana: "Agogo, dikirani." Akudikira nyimbo yatsopano ya atsikana a ku Japan, ituluka Loweruka. Ine sukulu sindinapondeko, zilembozi ndinaphunzirira pa matumba a feteleza, koma pa ng'oma ya mganda Dowa yonse imandidziwa.

Lachiwiri
Ndasuzumira pafoni pake, aika kachidutswa kolawitsa. Atsikana mbwee, masiketi ofanana, phazi kugwa limodzi. Mwambo ulipo, sindikana. Chosowa: ng'oma yeniyeni, wezulo, munthu wamkulu. Yawoyo ikumveka ngati wina akugogoda chitseko cha bafa. Basi, Loweruka ndiwaimbira ine. Tadala akhala pambali panga, afune asafune.

Lachitatu
Ng'oma kuno kulibe. Chigubu chachikulu cha madzi akumwa ndachikhuthulira m'mapoto onse, otsala m'ketulo. Chikulira bwino, chosafuna n'kuwamba pamoto komwe. Ndayeserera masana onse. Manja akadali anga.

Lachinayi
Odi pakhomo. Mlonda wa pageti, bambo wa ku Ntchisi. "Achikulire, a m'fulati ya pansi akudandaula. Khalasi, zakwana, musiye." Kenako motsitsa mawu: "Koma kamenyedweko n'kakwathu." Ndamuloza mpando, ndateleka tiyi. Wakana, ati bwana amaona pa kamera. Munthu woyamba kucheza nane sabata ino, nayenso wabwera kudzandiletsa.

Lachisanu
Kutchalitchi ku Abu Hamour, poti kuno timapemphera Lachisanu. M'galimoto Esinati: "Ababa, mukufuna atitulutse m'nyumba?" Chigubu wabweza kwa ogulitsa madzi. Ndatsala ndi chidebe chokolopera. Mawu chilibe, koma pochigwira ndikupadziwa.

Loweruka
Malaya oyera, sokosi zazitali, chidebe pakati pa miyendo. Kuno dzuwa likulowa, ku Japan ati tsiku latembenuka kale, nyimbo yatuluka. Tadala watuluka kuchipinda, kandodo kowala m'manja, wakhala pa sofa. Pambali panga! Ndakweza manja. Nyimbo yonse yalowa m'timawaya. Ine ndikungoona mutu ukugwedezeka, misozi ili chuchuchu. Ndayesa kutsata mutuwo ndi zala, pansipansi. "Agogo, mukundisokoneza."

Lamulungu
Kuno lero ndi tsiku la ntchito. Esinati kuchipatala, Tadala kusukulu, chidebe kubafa. Za ng'oma ndazisiya, atsikanawo adzionera okha. Koma nyimbo yoliza mdzukulu wanga chonchija, ine osaimva ngakhale poyambira? Tadala, timawayato n'tiwiri. Ukaweruka uzule kamodzi undipatse, ukhale apa.