Sabata Imene Ndinati Ndimasulire Fayilo ya DBT

Lolemba, 8 Julaye

Ndabwerako ku Lilongwe! Masiku asanu a maphunziro, ndipo lero ndikulowa pachipatala chathu ndi mayendedwe a namwino wodziwa zinthu.

Zimene ndabwera nazo:
– fayilo yabuluu, yolemera ngati khanda la miyezi itatu
– fulashi ya mavidiyo
– gulu la pa foni la tonse amene taphunzira limodzi

Njirayi amaitcha DBT. A Kachingwe, amene amasunga katemera, akufunsa ngati ndi mankhwala atsopano ophera udzudzu. Ndikuwafotokozera: ndi njira yothandizira anthu amene mtima ukawapweteka umapweteka mopyola, mpaka kufuna kudzivulaza kapena kudzipha. Timawaphunzitsa kudutsa mphindi yoipayo osaonjezera tsoka. Timawauza zinthu ziwiri pamodzi: ululu wanu ndi weniweni, komanso zilipo zimene mungasinthe.

Vuto ndi limodzi. Fayilo yonse ndi Chingerezi, odwala anga ndi alimi a mbatata ya kachewere ndi kabichi.

Pulani:
1. Kumasulira masamba khumi ndi awiri.
2. Kuonera mavidiyo onse.
3. Kusindikiza kabuku kokongola.
4. Loweruka m'mawa, gulu loyamba, anthu asanu.

Ndikuganiza kwambiri za mayi mmodzi. Muno ndizimutcha Namaseko, si dzina lake. Ali ndi ana atatu. Chaka chino tamupulumutsa kawiri atamwa mankhwala opopera mbewu. Ulendo wachiwiriwo ndinalibe chomuuza koma "limbani mtima, mayi." Manyazi ake sanandichokebe. Loweruka ndidzakhala ndi zoposa pamenepo.

Lachiwiri, 9 Julaye

Ndaweruka msanga kuti ndiyambe kumasulira pakhonde. Bambo anga, amene ndimakhala nawo chimwalirireni amayi, akoka mpando osaitanidwa. Anagwira ntchito ku migodi ya ku Joni zaka khumi ndi chimodzi, ndipo amakhulupirira kuti Chingerezi chonse cha boma la Ntcheu chimasungidwa m'mutu mwawo.

Tsamba loyamba: zinthu zodzitonthoza nazo mtima ukavuta.
– kusamba m'bafa lodzaza thovu
– kuyatsa kandulo yonunkhira
– kusisita mphaka
– kupita wekha kukaonera kanema

Bambo avula magalasi. "Mzimayi ali yekha m'nyumba, kandulo ili kuyaka masana, iye ali kusisita mphaka? Mawa lake mudzi wonse uli pakhomo pake!"

Tadumpha tsambalo.

Tsamba lachiwiri likunena za kuvomereza zinthu mmene zilili ndi mtima wonse. Bambo akuti lemba "kugonja." Ine ndikuti si kugonja. Takangana mpaka tiyi wazizira. Kenako anena kuti tsiku lina mwala unagwa mumgodi n'kuwatsekera anthu asanu ndi mmodzi. "Mmodzi anangokhalira kukuwa kuti sizingatheke, sizingatheke, mpaka kukomoka. Enafe tinati wagwa basi, mafosholo ali kuti? Ngati mzungu wako akunena zimenezo, ndiye si kugonjadi."

Zaka makumi anayi ndili mwana wawo, nkhani iyi sanandiuzepo.

Zomasuliridwa lero: theka la tsamba. Koma zikomo, fayilo iwe.

Lachitatu, 10 Julaye

Tsiku la mavidiyo.

Fulashi ndayiika pa kompyuta ya mu ofesi. Kompyuta yalira kawiri, yati muli kachilombo, yameza zonse. Zonse!

Ndadandaula pagulu la pa foni. Aphunzitsi athu, Mulungu awadalitse, anditumizira vidiyo nthawi yomweyo. Netiweki pano imagwira pamalo amodzi okha, pachulu cha kuseri kwa chipinda chochilira amayi. Ndakwera ndi yunifolomu yoyera, mphepo ya Julaye ikundidula makutu. Vidiyo yayamba kulowa. Kenako foni yalumpha yokha msewu wathuwu, umene ndi malire a dziko, n'kugwira netiweki ya ku Mozambique, uthenga wa Chipwitikizi mbwee, kundilandira m'dziko mwawo. Ine ndili pachulu cha ku Malawi.

Zimene ndaonera: mayi wachizungu akupereka moni, akukonza magalasi, akutsegula pakamwa. Basi. Akuoneka munthu wabwino.

Fayilo ikunenanso kuti munthu mtima ukamuyaka aviike nkhope m'madzi a ayezi, thupi limatsika lokha. Firiji pano ndi imodzi, ya katemera. Ndapempha a Kachingwe timabotolo tiwiri toundana. Aima kutsogolo kwa firijiyo manja atatambasula: "Anesi, iyi ndi ya ana a Ntcheu. Ngakhale abwere bwana wa kuboma, ayambe wandichotsa ntchito."

Sakulakwa. Ndikuthokoza kuti katemera wathu ali m'manja mwa munthu wouma mutu chonchi. Ndikungolakalaka akanauma mutu tsiku lina.

Lachinayi, 11 Julaye

Makina osindikizira alibe inki. Chabwino, ndilemba pamanja. Ndadzuka m'mamawa, ndalemba masamba asanu ndi limodzi, zilembo zazikulu zoti aliyense awerenge. Si khumi ndi awiri, koma kabuku kang'ono ndi kabukube.

Ndawasiya patebulo pafupi ndi zenera loperekera mankhwala, ndathamangira mayi wina amene matenda ake ayamba. Mwana wabadwa bwino, wamkazi. Pobwerera, patebulo pali mbee.

A Nachisale, opereka mankhwala, timapepala tawo tokulungira mapiritsi tinatha dzulo. Aona mapepala patebulo. Aona sizasi.

Masana kwabwera agogo ena a ku Mlangeni ndi kaphukusi kawo ka mankhwala a mutu. "Apa palembedwa kuti ndikoke mpweya ndikuwerenga mpaka folo. Ndiye ndizitero ndisanamwe kapena nditamwa?"

A Nachisale agwada pansi ndi kupepesa, misozi lengelenge. Ine ndalowa m'sitolo, ndatseka chitseko, ndakoka mpweya mpaka folo, ndatulutsa mpaka sikisi. Kasanu. Chokwiyitsa n'chakuti zathandiza.

Ndayimbira Chisomo, mnzanga wa kumaphunziro amene amagwira ntchito kumunsi ku Sharpevale. Waseka mpaka kutsokomola. Akuti yake fayilo ikutchinjiriza zenera kuti lisatseke. Kenako wati, "Koma iwe, zimene unalembazo zapita ndi mapepalawo, kapena zatsala m'mutu?"

Ndimamukonda, koma amafunsa mafunso pa tsiku lolakwika.

Lachisanu, 12 Julaye

Lero palibe choseketsa kwenikweni.

Namaseko wabwera cha m'ma teni, tsiku limodzi nthawi isanakwane. Wopanda nsapato, mpango uli m'manja. Alamu ake amunyoza pagulu kudimba, akuti ndi wamisala, ana amulande. Mwamuna wake anali pomwepo, koma sanamuikire kumbuyo. Pa mfundo ya chitenje pali chinthu cholimba. Kabotolo. Ndakazindikira: mankhwala opopera mbewu aja.

Kabuku ndilibe. Vidiyo ndilibe. Ayezi ndilibe. Fayilo ili kunyumba, Bambo akuiwerenga.

Pakamwa panga pafika kale "limbani mtima." Ndawameza mawuwo. Ndati, "Mayi, aliyense atanyozedwa chonchi pamaso pa anthu, n'kuopsezedwa za ana ake, mtima ungamuyake. Si misala imeneyo."

Wandiyang'ana nthawi yaitali. Sanayembekezere.

Ndatunga madzi a m'thanki ya kuseri mu beseni. Thanki imeneyi dzuwa siliyiona mwezi uno, ndipo manja anga achita dzanzi ndisanafike pakhomo. Ndayamba ine kuviika nkhope kuti aone. Ndadzuka ndi kukuwa, "Mayo!" Iye waviika, wadzuka, waviikanso. "Anesi, awa si madzi, ndi chilango." Wamwetulira pang'ono, milomo ili gwegwegwe. Tapuma limodzi, folo, sikisi, folo, sikisi.

Patapita nthawi wamasula yekha mfundo ija, waika kabotolo patebulo, wakankhira kwa ine. Ndakatsekera m'kabati. Taitanitsa mchemwali wake kuti akagone naye limodzi, ndadziwitsa adokotala athu, ndamulembera nambala yanga pa chikuto cha buku lake la kuchipatala. Ndamuuza kuti ayimbe asanachite kanthu, osati atachita.

Atapita ndakhala pa benchi.

Loweruka, 13 Julaye

Loweruka ndi tsiku la msika pa Lizulu. Ine wobadwira kuno, wokulira kuno, kuiwala zimenezi! Anthu anga anayi ali kumsika ndi matumba a kachewere, ndipo sindingawadzudzule.

Obwera pa gulu loyamba la DBT:
– Namaseko
– mchemwali wake, womuperekeza
– Bambo anga, atavala jekete, akuti abwera "kudzaona kamasuliridwe"

Mipando ndinakonza isanu ndi umodzi. Ndang'amba katoni ya magolovesi, ndatenga cholembera chachikulu. Ndawerenga za bafa la thovu ndi mphaka zija kuti amve zimene anzathu akunja amachita. Mchemwali waseka mpaka kugwira khoma. Ndiye ndafunsa: nanga inu, mtima ukavuta, chimakutsitsani n'chiyani?

Zimene Namaseko wanena, ine ndikulemba pa katoni:
– kusankha kachewere, wamkulu uku, wamng'ono uku
– kuluka tsitsi la mwana wake wamkazi
– kuyimba nyimbo za kwaya, koma mawu achiwiri, chifukwa amafuna kumvetsera
– kutsuka mapoto ndi mchenga mpaka awale
– kupita kwa mchemwali, ngakhale osayankhula

Bambo aonjezera kupolisha nsapato. Palibe anawafunsa.

Katoniyo Namaseko wapita nayo kwawo. Ndiye kuti buku lokhalo la DBT la Chichewa pachipatala pano lachoka, ndipo kumbuyo kwake kwalembedwa saizi ya magolovesi.

Lamulungu, 14 Julaye

Kuwerengera sabata:
Masamba khumi ndi awiri: palibe. Mavidiyo: moni yekha. Kabuku kokongola: kali m'midzi isanu, m'tizidutswa. Gulu la anthu asanu: wodwala mmodzi.

Kabuku mwina Ogasiti. Mwina Disembala. Gulu tisinthira Lachinayi. Ndavomera.

Kutchalitchi, ulaliki uli pakati, foni yanjenjemera m'chikwama. Nambala yachilendo. Ndadutsa mzere wonse wa amayi ndikuponda zala za anthu, ndathamangira kuseri kwa tchalitchi.

Ndi Namaseko, pa foni ya mchemwali wake. Alamu aja adutsa pamsewu n'kuponyanso mawu. Iye walowa m'nyumba, watseka chitseko, ndipo ali ndi funso limodzi: "Anesi, pepani kukusokonezani. Kodi folo ndi pokoka kapena potulutsa? Ndasokoneza."

Pokoka, mayi. Sikisi potulutsa.

Tawerenga limodzi pa foni, ine nditatsamira khoma la tchalitchi, mbuzi ziwiri zikundiyang'ana. Kasanu ndi kawiri. Kenako wati, "Basi, zatsika. Kapemphereni." Wadula.

Ndalowanso ulaliki utatha. Amayi a mzere wathu akundiyang'ana cham'mbali, ena akusisita zala zawo zakumapazi. Amayi abusa andinong'oneza kuti foni timazimitsa m'nyumba ya Mulungu.

Ndapepesa bwinobwino, ndi manja awiri. Koma sindizimitsa.