Chitseko Abwerera M'bwalo

Nkhani iyi ndinkafuna ndidzapite nayo kumanda. Koma poti pa Chitakale aliyense akuinena mmene akufunira, ena mpaka kuwonjezera zoti ndinalira, bola ndiinene ndekha. Manyaziwo ndi anga, wogawa ndikhale ine.

Dzina la makolo ndili nalo, koma kuyambira ku Milonde mpaka ku Chinakanaka amandidziwa kuti Chitseko. Ndinali goloboyi wa Masamba Awiri, timu ya ife othyola tiyi. Sukulu ndinalekezera panjira, koma pagolo ndinali pulofesa. Tsiku lina la chiperoni, nkhungu ili mbuu moti refu sankaona ndi mapazi ake omwe, ndinagwira penate pongomva fungo la mpira. Tsiku linanso ndinamenya mpira kuchokera pagolo n'kukagwera ku Mozambique. Anaubweza patatha sabata ukudunda Chipwitikizi.

Mutimu yomweyo munali Gomesi, sitiraika wathu. Ntchito yake inali kuima kutsogolo ngati munthu wodikira minibasi. Mpira ukamugunda mwangozi n'kulowa, anthu ankamunyamula pamapewa. Ine ndikagwira mipira khumi ankati ndi ntchito yake. Ukandipulumuka umodzi ankati Chitseko wagulitsa gemu.

Ine ndi Gomesi tinapuma mpira chaka chimodzimodzi. Gomesi anamupangira mwambo, anamupatsa njinga yatsopano, ya belu ndi kaliyala. Ine tcheyamani wa timu, Che Saidi a golosale ya ku Chinakanaka, anangondigwira chanza n'kunena kuti, "Muzibwera kudzationa."

Chowawa kwambiri n'choti ntchito yanga masiku ano ndi yokonza njinga pansi pa mtengo wa mango pa Chitakale. Ndiye njinga ija ikaphulika tayala imabwera kwa ine. Ndimaimata ndi manja omwewa amene anapindika zala chifukwa cha timu, Gomesi ali chilili pambali, akuliza belu.

Choncho sindibisa, timuyo ndinkainena. Munthu akabwera kudzapopetsa tayala ankachoka atamva mbiri yonse ya Masamba Awiri, kuyambira kusayamika kwa komiti mpaka miyendo ya Gomesi. Ena ankapopetsa dala matayala osaphwa kuti angondiputa. Timu ikagonja ndinkagula nanazi wamkulu.

Ndiye Lolemba lina m'mawa ndinangoona Che Saidi atulukira, kapu yawo yoyera ili pamutu.

"A Chitseko, Loweruka likubwerali timu ili ndi chikondwerero. Kubwera alendo, kubwera matenti ndi zokuzira mawu. Komiti yagwirizana kuti mudzasewere."

Sipanala inandipulumuka.

"Ine?"

"Inuyo. Tayang'ana Mulanje yense, malo amenewo palibe wina angawathe."

Ndinadikira mawu amenewa zaka zambiri, koma sindinafune kuoneka wotchipa.

"Nanga Gomesi?"

"A Gomesi adzangokhala pampando. Mbali yawo ndi yochepa."

Abale, mtima wanga unavina tchopa. Gomesi pabenchi, ine m'bwalo. Mulungu amachedwa chabe.

"Pulakatisi ndi Lachitatu madzulo ku pulaimale," anatero Che Saidi.

"Che Saidi, mukandiona ine ndine munthu wa pulakatisi?"

Anaseka mpaka kugwira mtengo wa mango. "Wallahi, ndinawauza a komiti zomwezo. Ndinati munthu ameneyu zili m'magazi. Basi mudzangochita zomwe mumachita masiku onse."

"Ndivale chiyani?"

"Jezi yakale ija ngati ilipo. Ikakhala yong'ambika ndiye bwino kwambiri."

Ndinaganiza kuti akufuna anthu aone zipsera za nkhondo. Ndinati koma komiti yakula nzeru.

Kunyumba mkazi wanga, mayi a Joyce, anandiyang'ana kuyambira kumutu, maso n'kukaima pamimba.

"Bambo a Joyce, inu pomanga nsapato mumapuma kawiri. Mukagwa pagolopo adzakudzutsani ndani?"

"Chitseko sichikalamba, mayi."

"Chathu chakubafa chija chinagwa chokha."

Ngakhale ndinakana pulakatisi ya gulu, ndinayamba yanga mobisa. Lachiwiri m'mamawa ndinathamanga m'kanjira ka m'munda wa tiyi. Amayi othyola masamba atandiona ndikubwera wefuwefu anataya madengu n'kuthamanga nawo, kuyesa kuti kumbuyo kwanga kuli njuchi. Tinathamanga tonse mpaka pamsewu. Kapitawo wawo anandifunsa chomwe chikundithamangitsa, ine mpweya woyankhira ndinalibe.

Lachinayi ndinapempha mayi a Joyce kuti azindiponyera mapeyala kuseri kwa nyumba. Pa mapeyala khumi ndinagwira awiri. Limodzi linandipeza pachipumi. Ndikukayika ngati limenelo linali la pulakatisi, chifukwa analiponya atakumbukira nkhani ina ya chaka chatha.

Lachisanu, ngati mwadala, Gomesi anabwera ndi njinga yake kudzamangitsa mabuleki.

"Ndamva mawa muli pampando, achimwene," ndinatero, ndikupukuta tcheni chosafunika kupukuta.

"Eee, andiuza choncho. Koma inu mwavomeradi?"

"Ndikane chifukwa chiyani?"

"Ayi, muli ndi mtima. Ine sindikanatha, anthu onse aja akuyang'ana."

"Ndikudziwa kuti simukanatha. N'chifukwa chake abwera kwa ine."

Gomesi anakanda m'mutu. "Nanga poti ku pulakatisi simunabwere, zonena mwakonza?"

"Ine sindinena ndi pakamwa. Manja awa ndi amene adzalankhule."

Anandiyang'ana modabwa n'kukwera njinga yake. Ndinati m'mtima, nsanje yamugwira pakhosi mkuluyu, alawe nayenso. Mabulekiwo ndinamumangira ulere.

Loweruka linafika. Jezi inalowa, koma movutikira, inandigwira ngati chikumba cha ng'oma ndipo mchombo unatsala panja. Magolovesi ndinabwereka a mphira, aja opoperera mankhwala ku esiteti ya tiyi. Mabuti anali olimba ngati chinangwa chouma, kutsogolo atang'ambika. Nditalowa pabwalo anthu anayamba kuloza ndi kuseka. Ndinawakwezera dzanja. Ndinati chikondi cha masapota sichitha.

Ndinalunjika kugolo kukadziwongola, koma Che Saidi anandithamangira.

"Osati pano, a Chitseko. Inu ndi pa hafu taimu."

Ndinamvetsa. Chida chachikulu sutulutsa koyambirira. Ndinakhala kuseri kwa tenti, ndikupempherera chamumtima kuti goloboyi wa masiku anoyu amwetsedwe zigoli ziwiri kapena zitatu, kuti anthu aone kusiyana ndikalowa. Anamwetsedwa chimodzi. Ndinati n'chiyambi chabwino.

Refu ataimba wezulo ya hafu taimu, ndinaimirira n'kuyamba kudumphadumpha. Kenako ndinaona zachilendo. Anthu akunyamula mpando wapulasitiki kupita nawo pakati pa bwalo. Ena anyamula njinga yakutha, aigoneka chagada, matayala m'mwamba. Pambali pake aika pampu ndi sipanala. Wina wazika nthambi ya mango.

Ndinati kodi malo awa ndikuwadziwa bwanji?

Madamu ena a ku pulaimale, amene amaphunzitsa ana zisudzo, anatenga maikolofoni.

"Alendo athu olemekezeka, amayi ndi abambo, tisanapitirize mpira tili ndi sewero lophunzitsa osewera athu. Mutu wake ndi Kupuma Mpira Mwaulemu. Muona anthu awiri opuma. Woyamba ndi wokonda timu yake, wamtima wabwino. Ameneyu atisewerera ndi a Gomesi."

Gomesi anapita kukakhala pampando paja, anthu akuwomba m'manja.

"Wachiwiri ndi munthu wanjiru, wodandaula kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, amene timu yake ikagonja amagula nanazi. Tinavutika kupeza woti asewere mbali imeneyi. Koma tachita mwayi, mwiniwake wavomera kusewera yekha. A Chitseko!"

Bwalo lonse linaphulika. Che Saidi anandikankha pamsana mwaulemu, ndipo ndisanadziwe chomwe chikuchitika ndinali pakati pa bwalo, mchombo panja, magolovesi a mankhwala m'manja.

Ndinalanda maikolofoni kwa madamu aja kuti ndikonze zinthu.

"Pepani anthuni, pali kusamvana. Ine sindinabwerere zimenezi. Ine anandiuza kuti ndidzasewera."

Anthu anaseka.

"Ndikunena zoona. Ndathamanga sabata yonse. Onani chipumi ichi, ndi peyala ili."

Anaseka kwambiri. Madamu anandikwezera chala chachikulu, n'kukodola Gomesi kuti ayambe mbali yake. Gomesi anatsokomola, n'kunena mawu oloweza ngati mwana wa Sande sukulu.

"Achimwene, mtima pansi. Timu ndi mayi wathu."

Pamenepo ndiye magazi anandikwera.

"Mayi wanji wogulira njinga mwana mmodzi? Mayi ameneyo ine ndinamugwirira penate m'nkhungu. Zala izi zinali zowongoka, lero ndikaloza ku Chitakale anthu amapita ku Milonde. Iwe Gomesi unathyokapo chiyani? Unkatuluka m'bwalo jezi ili yoyera, mkazi wako ankangoipinda osachapa."

Amayi anayamba nthungululu. Mlendo wolemekezeka, bambo wa suti amene anakhala kutsogolo mu tenti, anavula magalasi n'kumapukuta misozi.

"Musaseke, sindikuchita sewero ine!"

Apa ndiye anthu anagwa pansi. Wina anakuwa kuti, "Ndi mmene amanenera pa Chitakale, sanaphonye ngakhale liwu limodzi." Osewera a matimu onse awiri anasiya kumwa madzi n'kubwera kudzazungulira. Refu anakhala pa mpira.

Gomesi anayesa mzere wake wachiwiri. "Achimwene, chofunika si mphatso, koma..."

"Ngati si mphatso bweretsa njingayo. Bweretsa lero lomwe. Belu lokhalo bwanji, komiti inalephera kundigulira belu? Ndikanalimangirira pa khasu."

Ndinatembenukira ku tenti n'kuyamba kuwerenga a komiti mmodzimmodzi. Ndinanena za gemu ya ku Chinakanaka imene ndinasewera ndi malungo. Ndinanena za lole ya esiteti imene inandisiya ku Milonde ndikugula chinangwa, timu yonse osazindikira kuti goloboyi palibe mpaka kufika kunyumba. Chilichonse chimene ndinkanena, m'manja. Ndikakweza mawu, m'manja. Nditangokhala chete kuti ndipume, wina anati ngakhale kupuma kwake akukutha.

Ndinasakasaka mboni m'gulumo mpaka ndinaona mkazi wanga.

"Mayi a Joyce, chonde auzeni anthuwa kuti ine sindikuseka."

Iwo anaimirira, anakonza chitenje bwinobwino, n'kukuwa kuti, "Apa achepetsa, kunyumba amafika mpaka pa agogo ake a Gomesi."

Ndinavula magolovesi n'kuwaponya pansi. Ndinamenya theche njinga yakutha ija, kuiwala kuti mabuti aja anang'ambika kutsogolo. Chala chachikulu chinakumana ndi pedulo. Ndinatuluka m'bwalo ndikutsimphina, ndipo bwalo lonse linaimirira, mpaka mlendo wa suti uja. Madamu anatseka ndi mawu akuti, "Osewera athu, mwaona mmene njiru imathera. Munthu amachoka akutsimphina." Ndipo anthu anati ngakhale kutsimphinako ndachita ngati zenizeni.

Ndinakakhala kuseri kwa tenti, buti lili m'manja, ndikuuzira chala. Hafu yachiwiri inayamba popanda wondiitana. M'zaka zonse zimene ndinaima pagolo, anthu sanandiimirirepo chonchija, ndipo chondinyansa n'choti mbali ina ya mtima wanga inkakoma.

Posakhalitsa Che Saidi anafika, maso ali ofiira ndi kuseka. Anakhala pansi pafupi nane n'kundigwira chanza ndi manja awiri.

"A Chitseko, ine ndakhala tcheyamani kuyambira muli mnyamata. Magemu anu onse ndinaonera, palibe imene ndinaphonya."

Ndinati m'mtima, tsopano kupepesa kuja kwafika. Ndinawongola khosi.

"Wallahi, lero ndi koyamba kukuonani mukusewera bwino."

Anzanga opuma mpira, akakuitanani kuti mudzasewere, muziyamba mwafunsa ngati pakhale mpira.