Kachilombo ka Dzina la Amayi

Lolemba
Ndafika kwathu ku Golomoti. Ntchito imene ndadzera: kutapa zam'chifu cha mbuzi ikangophedwa, zisanatsukidwe. Aphunzitsi akukoleji akuti mbuzi zakuno mwina zili ndi mabakiteriya amene asayansi sanawaonepo, ndipo wowapeza ndiye amatcha dzina. Galimoto yakukoleji idutsa Loweruka masana. Ikapita yopanda kanthu, ndibwereza chaka.
Zida zanga: timabotolo khumi, magolovesi, bokosi loziziritsira, mphuno yolimba.
Ndauza amayi kuti kachilomboko ndidzakatcha dzina lawo. Akuti, "Ine ndizikakhala m'matumbo a mbuzi? Ndinakulakwira chiyani iwe?"

Lachiwiri
A Jafali, opha mbuzi pamsika, anavomera dzulo lomwe. Ndikufika, chifu chili mbee! Chotsukatsuka, chokulunga bwino m'tsamba la nthochi.
"Wallahi, mwana wa a Nasibeko, wophunzira chonchi, ndingakupatseni zonyansa?"
Zonyansazo ndi zimene ndadzera! Ulemu wina ngopweteka.

Lachitatu
Ndalawira, ndaima pambali pa a Jafali ngati wapolisi. Timabotolo tinayi tadzadza! Kununkha kwake ntchentche zandiperekeza mpaka kugolosale ya aneba, kumene ndapempha malo mufiliji. Lero ndikuyenda ngati dokotala.

Lachinayi
Magetsi anazima dzulo masana, mpaka pano zii. Ndi kutentha kwa kuno!
Zotsatira:
timabotolo titatu tawola,
kamodzi kaphulika,
zakumwa za eni ake zonse zikununkha khola.
Aneba akuti ndisadzapondenso pakhonde pawo. Sindikuwadzudzula, koma ndakwiya basi.

Lachisanu
Mbiri yawanda kuti ndikutolera zam'mimba mwa mbuzi kuti ndikhwimire mayeso. Ine! Zaka zinayi ndikuwerenga mpaka maso kufiira! A Jafali andikana: "Pepani, makasitomala akuthawa." Kumjigo, mayi wina wakokera mbuzi yake kumbali nditadutsa.
Ndakhala kuseri kwa nkhokwe ndi kulira. Amayi andiona.

Loweruka
M'mawa amayi akuti, "Tipha Mawanga." Mbuzi yawo imodzi yomweyo, imene amasungira Khirisimasi. Ndakana, sanandimvere. Malume anola kale mpeni.
Ndakwera kabaza kukafuna madzi oundana ku Mua. Ndisananyamuke ndanena katatu: musatsuke, musataye, mungondisungira.
Ndikubwerera, zam'chifu zonse zili mumphika, pamoto, zikubwata!
"Sindinatsuke, mwanawe, monga unanenera. Ndangowiritsako pang'ono. Muja muli tizilombo, ungadwale nato."
Ndakhala pansi, bokosi lili m'manja. Galimoto yafika, dalaivala waliza hutala kawiri, wapita.

Lamulungu
Ndibwereza chaka. Timabotolo ndatsuka, tikuuma pathandala. Amayi apempha tiwiri, akuti ntabwino kusungiramo mchere.
Ndimafuna kukhala wokwiya tsiku lonse, koma zikukanika. Khola lili pululu, chingwe cha Mawanga chikadali pamtengo.
Tikudya nyama ya Mawanga. Kenako amayi akufunsa motsitsa mawu, maso ali m'mbale:
"Nanga kachilombo ka dzina langa kaja, kanapezeka? Ndinawauza kale anzanga akukwaya."
Ndati mwina kanalimo, amayi.
Andiwonjezera chiwindi.